Kochi Wochotsedwa Mwamanyazi Akafunsira Ntchito ku Sekondale

Mu May 2019, sukulu ya sekondale ya Mount Vernon, yomwe ili m'tauni ya anthu osafika 3,000 kumpoto chakum'mawa kwa chigawo cha Texas ku America, inalengeza kuti yalemba ntchito a Art Briles ngati kochi wamkulu wa timu yake ya mpira. Mpira wake si wamiyendo umene tinauzolowera kuno, koma uja wa ku America, womwe osewera amavala zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa n'kumathamanga mpira uli m'manja. Nkhaniyi inabutsa mkangano m'dziko lonselo, chifukwa zaka zitatu m'mbuyomo a Briles anali atachotsedwa ntchito pa yunivesite ya Baylor pa nkhani yokhudza kugwiriridwa kwa atsikana ophunzira. Anthu ankafunsa ngati n'koyenera kuti munthu amene wachoka pamalo ena mwamanyazi apatsidwe ana asukulu kuti aziwaphunzitsa.

Kuti timvetse kukula kwa funsoli, tiyenera kudziwa mphamvu zimene kochi wa sekondale ali nazo kumeneko. Anyamata pafupifupi 1 miliyoni amasewera mpirawu m'masekondale a ku America chaka chilichonse, ndipo m'matauni ambiri a Texas, Georgia ndi Alabama, Lachisanu madzulo anthu amakhamukira ku bwalo la sukulu, ana ndi akulu omwe. Kochi ndiye amasankha mnyamata woti alowe m'bwalo ndi woti akhale pabenchi, ndipo mawu ake amamveka kwa mayunivesite amene amalipirira maphunziro a osewera aluso. Kwa mwana wa m'banja losauka, kochiyo angathe kukhala khomo lokhalo lopitira ku yunivesite. M'masukulu ambiri a ku Texas kochi wa mpirayu amakhalanso woyang'anira masewero onse a pasukulu, kuphatikizapo a atsikana.

A Briles anali kochi wodziwika kwambiri. Asanapite ku mayunivesite anapambana chikho cha chigawo cha Texas kanayi ali ku sekondale ya Stephenville, mu 1993, 1994, 1998 ndi 1999. Ku Baylor anatukula timu yomwe inali yofooka mpaka inatenga ukatswiri wa ligi ya Big 12 mu 2013 ndi 2014. Koma mu 2014 wosewera wina wakale wa timuyo anagamulidwa kukakhala kundende zaka 20 chifukwa chogwirira, ndipo madandaulo ena atayamba kutuluka, yunivesiteyo inalemba maloya a kampani ya Pepper Hamilton kuti afufuze. Zimene zinalengezedwa mu May 2016 zinasonyeza kuti akuluakulu ena a timuyo ankamva madandaulo a atsikana koma osawapititsa kumene lamulo limafuna, ndipo kuti panali maganizo oti osewera mpira sangakhudzidwe ndi malamulo a pasukulu. A Briles anachotsedwa ntchito, ndipo mkulu wa yunivesiteyo, a Ken Starr, nawonso anatsitsidwa pampando. Pambuyo pake akuluakulu a Baylor ananena kuti atsikana 17 anadandaulapo za osewera 19 kuyambira mu 2011.

Tiyenera kunena mwachilungamo kuti a Briles sanaimbidwe mlandu wogwirira munthu, ndipo iwo akhala akukana kuti anabisa milandu. Mu 2021 bungwe la NCAA, lomwe limayang'anira masewero a m'mayunivesite, linagamula kuti zimene anachita sizinaphwanye malamulo ake, ngakhale kuti linawadzudzula kwambiri pa momwe anayendetsera nkhanizo. Amene ankawaikira kumbuyo ankati munthu amene khoti silinamupeze wolakwa sayenera kumanidwa ntchito moyo wake wonse, ndipo mfundo imeneyi ndi yomveka. Komabe zitseko zinkatsekeka. Timu ya Hamilton Tiger-Cats ya ku Canada inawalemba ntchito mu August 2017 koma inasintha maganizo tsiku lomwelo anthu atakwiya, ndipo iwo anakaphunzitsa mpira ku Florence ku Italy. Khomo loyamba limene linatseguka ndi kukhalabe lotseguka kwawo ku America linali la sekondale. Anakhala ku Mount Vernon nyengo ziwiri, anafikitsa timuyo mu ndime yachiwiri kwa yomaliza ya chikho cha chigawo mu 2020, kenaka anatula pansi udindo.

Apa ndi pamene ine ndimasiyana maganizo ndi anthu amene amaona kubwerera ku sekondale ngati chilango chokwanira, ngati kuti munthu watsitsidwa kupita kumene sangawononge zambiri. Kwa kochi n'kutsika ndithu, chifukwa malipiro ndi ulemu zimachepa, koma kwa ana chiopsezo chimakula. Yunivesite yaikulu imakhala ndi ofesi yoona za lamulo la Title IX la 1972, lomwe limaletsa tsankho potengera kuti munthu ndi wamwamuna kapena wamkazi m'masukulu olandira ndalama za boma, imakhalanso ndi maloya ake komanso atolankhani amene amailondalonda, ndipo ngakhale zonsezi zinalipo, ku Baylor zinthu zinalakwikabe. Sekondale ya m'tauni yaing'ono imadalira mkulu mmodzi wa maphunziro ndi bodi ya anthu ochepa amene amapemphera, kugula ndi kuchemerera mpira limodzi ndi kochiyo. Osewera ake ndi ana a zaka 14 mpaka 18. Ngati cholakwa cha munthu chinali pa zimene anachita dandaulo litamufika, ndiye kuti ntchito yatsopanoyo ikumuika pamalo omwewo pomwe analephera, koma tsopano pali maso ochepa omuyang'ana.

Nkhani ya a Rush Propst ikusonyeza bwino zimene zimachitika mwayi wachiwiri ukaperekedwa popanda chosintha chilichonse. Iwo anapambana chikho cha chigawo cha Alabama kasanu ali ku sekondale ya Hoover, ndipo timu yawo inatchuka m'dziko lonse itaonetsedwa pa kanema wa MTV mu 2006. Mu 2007 anatula pansi udindo pambuyo pa kafukufuku wotsogoleredwa ndi woweruza wina wopuma ntchito, amene anaunika nkhani zosintha malikisi a osewera ndi kuwakondera m'kalasi. Chaka chotsatira anali kale pa ntchito ku sekondale ya Colquitt County ku Georgia, komwe anapambana zikho mu 2014 ndi 2015. M'masewero ena a chikho cha 2015, makamera anawajambula atakwiya, akugunda ndi mutu wosewera wawo yemwe anali atavala chipewa cholimba, ndipo anapitiriza kulamula timu magazi akuyenderera pamphumi pawo. Ntchito yawo sinathe chifukwa cha zimenezo. Inatha mu March 2019, pamene kafukufuku wa akuluakulu a maphunziro m'deralo anawatchula pa zinthu zingapo, kuphatikizapo kupereka mankhwala kwa ophunzira popanda chilolezo, zomwe iwo anatsutsa.

Patangotha chaka chimodzi, sekondale ya Valdosta, yomwe imadziwika kuti yapambana masewero ambiri kuposa sekondale ina iliyonse ku America, inawatenga ngakhale mamembala a bodi yake anagawikana povota. Pasanathe chaka kunatuluka mawu ojambulidwa mwachinsinsi ndi mkulu wa gulu la ochemerera lomwe limasonkhetsa ndalama za timu, ndipo nkhani yake inali ya ndalama zothandizira kukopa osewera ochokera kwina, zomwe malamulo a masewero a m'masekondale amaletsa. Mu April 2021 bungwe la GHSA, loyang'anira masewerowa ku Georgia, linalanda Valdosta masewero 7 amene inapambana mu 2020, linailipiritsa madola 7,500, linaletsa osewera asanu kusewera, komanso linaletsa timuyo kulowa mu chikho cha 2021. Bodi ya sukulu sinawonjezere mgwirizano wa a Propst.

Tiyeni tione amene analipira pa chigamulochi. Mnyamata amene anali m'chaka chake chomaliza mu 2021 anachita masewero olimbitsa thupi m'chilimwe chonse chotentha cha kumwera kwa Georgia akudziwa kuti ngakhale timu yake ipambane masewero onse, sadzalowa mu chikho, ndipo chaka chimenecho sichidzabweranso kwa iye. Sanavote nawo polemba kochi, ndipo sanagwirepo ndalama iliyonse. Koma a Propst anapezanso ntchito, pakuti mu 2023 anali akuphunzitsa ku Pell City ku Alabama. Kumeneko timu inapambana kamodzi kokha m'masewero 10, ndipo anakhalako nyengo imodzi yokha. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa zikuoneka kuti chimene chimagula mwayi wachiwiri pa ntchito imeneyi si kulapa kapena kusintha kwa munthu, koma zikho zimene wanyamula. Kochi wogonjagonja amene wachita cholakwa chaching'ono kuposa izi nthawi zambiri saitanidwanso kulikonse.

Lamulo limathandiza pang'ono chabe. Lamulo la maphunziro la Every Student Succeeds Act la 2015 limafuna kuti zigawo ziletse masukulu kuthandiza wogwira ntchito kupeza malo kwina pamene akudziwa, kapena ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira, kuti anachita zachisembwere ndi mwana wasukulu. Linabwera pofuna kuthetsa chizolowezi choti sukulu imagwirizana ndi wolakwa kuti achoke mwakachetechete, n'kumulembera kalata yabwino yomuchitira umboni. Zigawo zimagawananso mayina a aphunzitsi amene ziphaso zawo zalandidwa kapena kuimitsidwa. Koma lamulo la 2015 lija silikhudza kochi amene cholakwa chake ndi kunyalanyaza dandaulo, kukakamiza mphunzitsi kuti akweze malikisi, kapena kuyendetsa ndalama mwachinyengo. Pa milandu yotere nthawi zambiri chigamulo chimatsala m'manja mwa bodi ya sukulu.

Sindikunena kuti aliyense wolakwa atayidwe. Kochi amene anagwidwa akuyendetsa galimoto ataledzera, nalandira chilango, nalandira thandizo, napirira zaka zingapo osabwerezanso, ndi wosiyana ndi amene cholakwa chake chinali kugwiritsa ntchito molakwika mphamvu zimene anali nazo pa ana. Woyambayo angathe kukhala chitsanzo chabwino kwa anyamata amene nawonso adzapunthwa m'moyo. Wachiwiriyo ali ndi ufulu wopeza chakudya cha banja lake, koma ufulu umenewo sukutanthauza kuti abwezeredwe mpando wolamulira ana, chifukwa kukhululukira munthu ndi kumuikiza ana a eni ndi zigamulo ziwiri zosiyana, ndipo bodi imasankhidwa kuti ichite chachiwiricho mosamala. Amene amazunza ana mwachisembwere sayenera kubwereranso m'sukulu ngakhale pang'ono.

Bodi imene ikufunadi kupereka mwayi wina iyenera kuyamba ndi kuwerenga lipoti lonse la kafukufuku wa kumene munthuyo akuchokera, osangodalira makalata a anzake ndi a osewera akale amene amamukonda, ndipo ngati odandaula aja akulola kulankhula, iwamve. Imufunse munthuyo kuti afotokoze m'mawu akeake chimene analakwitsa, pakuti amene akungoti anamuchitira nsanje sanasonyeze chimene adzachite mosiyana. Kenaka ntchitoyo ikonzedwe moti cholakwa chakale chisapeze mpata. Ngati vuto linali malikisi ndi kuyenera kwa osewera, munthu wina wosakhala pansi pa kochi ndiye aziona mafaelo a ana. Ngati linali ndalama, chilichonse chimene ochemerera asonkhetsa chizidutsa m'mabuku a sukulu. Ngati linali kunyalanyaza madandaulo, makolo ndi ophunzira, anyamata ndi atsikana omwe, auzidwe poyera dzina la munthu amene angamudandaulire popanda kudzera kwa kochi, ndipo kochiyo ayambe ngati wothandizira pansi pa wina kwa nyengo imodzi kapena ziwiri. Zonsezi zilembedwe mu mgwirizano wa ntchito pamodzi ndi zifukwa zimene angachotsedwere nthawi yomweyo, ndipo makolo apatsidwe mpata wofunsa mafunso pa msonkhano wapoyera bodi isanavote.