Edward Freis ndi Umboni Woti BP Yokwera Iyenera Kutsitsidwa

Pa 12 Epulo 1945, pulezidenti wa dziko la America, Franklin Roosevelt, anamwalira mtsempha wa magazi utaphulika mu ubongo. Tsiku limenelo BP yake inafika pa 300/190. Inali itakwera kwa zaka zingapo, koma madokotala ambiri a nthawiyo ankakhulupirira kuti thupi limakweza BP dala pofuna kukankha magazi m'mitsempha yolimba, moti kuitsitsa n'kuika ubongo ndi impso pachiswe. Thandizo lomwe linalipo linali lowawa: opaleshoni yodula minyewa ya m'mbali mwa msana, kapena kudya mpunga ndi zipatso zopanda mchere kwa miyezi.

Munthu amene anagwetsa ganizo limeneli ndi Dokotala Edward Freis, wobadwira ku Chicago mu 1912. Atamaliza maphunziro a udokotala ku yunivesite ya Columbia mu 1940, anayamba kuyesa mankhwala otsitsa BP ku Boston limodzi ndi Dokotala Robert Wilkins. Mu 1949 anasamukira ku chipatala cha asilikali opuma cha Veterans Administration ku Washington. Mu 1957 anali m'gulu la oyamba kuyesa chlorothiazide, mankhwala okodzetsa amene amachotsa mchere ndi madzi m'thupi. BP inkatsika ndithu. Koma kutsika kwa nambala si umboni woti munthu apulumuka, ndipo Freis ankadziwa zimenezo.

Kafukufuku amene anatsogolera kuyambira mu 1964 ndi wofunika kumuona bwino kakonzedwe kake. Vuto lalikulu poyesa mankhwala a BP n'lakuti wodwala samva kuwawa, ndiye amasiya kumwa osanena. Pofuna kuthana nazo, aliyense ankayamba wapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala, koma okhala ndi vitamini ya riboflavin. Vitamini imeneyi imawalitsa mkodzo ukaunikidwa ndi nyale ya UV. Amene mkodzo wake sunawale, kapena wabweza mapiritsi ochuluka powerenga, sankaloledwa kupitiriza. Otsalawo ankawagawa mwamaere m'magulu awiri, wodwala ndi dokotala yemwe osadziwa amene akumwa mankhwala enieni. Gulu lolandira thandizo linkamwa hydrochlorothiazide 50 mg ndi reserpine 0.1 mg kawiri pa tsiku, komanso hydralazine katatu pa tsiku. Kuphatikiza mitundu itatu kunali ndi chifukwa: hydralazine imatambasula mitsempha koma imathamangitsa mtima n'kusungitsa madzi m'thupi, ndipo mankhwala awiri enawo amaletsa mavuto amenewa.

Zotsatira zoyamba zinatuluka mu 1967. Mwa amuna 143 amene nambala ya pansi ya BP yawo (yachiwiri pa manambala awiri a BP) inali pakati pa 115 ndi 129, anthu 70 anamwa mapiritsi opanda mankhwala, ndipo 27 a iwo anapezeka ndi mavuto aakulu monga sitiroko, kufooka kwa mtima ndi kuwonongeka kwa impso; anayi anamwalira. Mwa 73 amene analandira mankhwala, awiri okha ndiwo anavutika, palibe anafa. Mbali imeneyi anaiimitsa msanga, chifukwa kupitiriza kumana odwala mankhwala kukanakhala nkhanza. Mu 1970 anatulutsa za amuna 380 a nambala ya pansi ya 90 mpaka 114. Chiopsezo chodwala kwambiri m'zaka zisanu chinatsika kuchoka pa anthu 55 mwa 100 alionse kufika pa 18.

Zoperewera zinalipo, ndipo si bwino kuzibisa. Onse anali amuna, ndipo anali osankhika, omwa mankhwala mokhulupirika kuposa odwala wamba. Sitiroko inachepa kwambiri, koma matenda a kutsekeka kwa mitsempha ya mtima sanasinthe kwenikweni. Phindu kwa anthu a nambala ya 90 mpaka 104 silinaoneke bwino, zomwe zinafuna kafukufuku wina wa anthu zikwizikwi m'zaka zotsatira.

Mu 1971 Freis analandira mphoto ya Lasker, yoperekedwa kwa ofufuza za umoyo. Mary Lasker, mayi wolimbikitsa kafukufuku wa zaumoyo, anatengera zotsatirazi kwa nduna ya zaumoyo, Elliot Richardson, ndipo mu 1972 boma la America linakhazikitsa National High Blood Pressure Education Program, ntchito yophunzitsa anthu ndi madokotala kuti BP iziyezedwa ngakhale munthu akumva bwino. Freis anamwalira mu 2005, akadalimbikitsabe kuti mankhwala okodzetsa, otsika mtengo aja, ndiwo oyenera kuyambira kwa odwala ambiri.