Mwana amene anayambitsa Tsiku la Anakubala n'kudzalimbana nalo

Chaka chilichonse Tsiku la Anakubala likamayandikira, mkangano womwewo umabukanso. Ena amati tsikuli linasanduka msika, okolola ndi ogulitsa maluwa ndi makadi, pomwe mayi mwiniwake amangolandira uthenga wokopera pa foni. Ena amati palibe cholakwika, mphatso ndi mphatso. Ndiye pali gulu lina lomwe silimveka kwenikweni, la anthu amene anaika kale mayi awo kapena agogo omwe anawalera, ndipo tsikuli likafika chilonda chimayambanso kuwawa. Gulu limeneli ndi lomwe lili pafupi ndi chiyambi cha mwambowu, chifukwa unayambira pa maliro, ku America, mwana wamkazi akulira mayi ake. Ndipo woyamba kudandaula za malonda anali mwana yemweyo.

Mayiwo anali Ann Reeves Jarvis, omwe anabadwa mu 1832 ku Virginia. Atakwatiwa ndi Granville Jarvis anakhazikika kumapiri a kumadzulo, dera lomwe mu 1863 linadzakhala chigawo cha West Virginia. Olemba mbiri sagwirizana pa chiwerengero cha ana omwe anabereka, ena amati 11, ena amafika pa 13. Chomwe onse amavomereza n'chakuti anayi okha ndiwo anakula. Enawo anapita ndi chikuku, tayifodi ndi matenda a pakhosi otchedwa diphtheria. Mayi woika ana ochuluka chotere akanatha kungodzitsekera m'nyumba ndipo palibe akanamunena. Koma iwowa mu 1858 anayamba kusonkhanitsa amayi anzawo m'magulu otchedwa Mothers' Day Work Clubs m'matauni ang'onoang'ono monga Grafton, Philippi ndi Webster. Mothandizidwa ndi mlongo wawo James Reeves, yemwe anali dokotala, amayiwa ankasonkha ndalama zogulira mankhwala, kuyendera makomo kuphunzitsa ukhondo, ndi kupeza owathandiza ntchito amayi odwala chifuwa chachikulu. Nkhondo yapachiweniweni itabuka mu 1861, maguluwa anasamalira asilikali odwala a mbali zonse ziwiri, ndipo mu 1868 mayi Jarvis anakonza msonkhano ku Pruntytown woyanjanitsa mabanja amene anamenyana.

Mwana wawo Anna anabadwa mu 1864. Iyeyu ankasimba kuti mu 1876, ali ndi zaka 12, anamva mayi ake akutseka phunziro la Sande sukulu ndi pemphero loti wina adzakhazikitse tsiku lokumbukira amayi chifukwa cha ntchito yomwe amagwirira anthu. Nkhani ya pempheroli imabwerezedwa paliponse, koma tiyenera kudziwa kuti mboni yake yaikulu ndi Anna yemweyo, ndipo anaifalitsa patapita zaka zambiri, pamene ankafuna kutsimikizira dziko kuti tsikuli ndi la mayi ake. Izi sizikutanthauza kuti ananama. Mwana amasunga mawu a mayi ake omwe ena onse anaiwala. Kungoti sitingaiike pa mlingo umodzi ndi zomwe zinalembedwa nthawi yomweyo.

Bambo atamwalira mu 1902, mayi Jarvis anasamukira kwa ana awo ku Philadelphia, ndipo kumeneko ndi komwe anatsikira kulichete pa 9 May 1905. Anna, yemwe sanakwatiwe ndipo sanabereke, ndiye anawadwazika. Apa ndi pomwe nkhani yonse inakhotera.

Anayamba kulemba makalata. Analembera abusa, akuluakulu andale, eni nyuzipepala ndi amalonda, osatopa. Ntchito yokopa anthu ankaidziwa, poti anagwirapo ntchito yolemba zotsatsa malonda pa kampani ina ya inshulansi. Mu May 1907 panachitika mwambo waung'ono wokumbukira mayi ake ku Grafton. Chaka chotsatira, Lamulungu pa 10 May 1908, mpingo wa Andrews Methodist Episcopal m'tauni yomweyo, momwe mayi Jarvis anaphunzitsa Sande sukulu kwa zaka zoposa 20, unachita mapemphero omwe lero amawerengedwa kuti ndiwo oyamba a Tsiku la Anakubala. Munali anthu pafupifupi 400. Anna mwiniwake sanapiteko. Anatumiza telegalamu yofotokoza tanthauzo la tsikulo, pamodzi ndi maluwa oyera 500 otchedwa carnation, omwe mayi ake ankawakonda. Ankati duwa limeneli likamafota siliyoyola masamba ake koma limawakumbatira, monga mayi sataya ana ake. Masana a tsiku lomwelo iye anali ku Philadelphia, pa mwambo wina waukulu m'holo ya sitolo ya John Wanamaker, mmodzi mwa amalonda olemera kwambiri mumzindawo, yemwe anamuthandiza kufalitsa ganizoli.

Tikaliyang'anitsitsa tsiku limeneli, zonse zomwe zinadzamuliza Anna zinalipo kale. M'mawa tchalitchi, masana sitolo. Ndipo chizindikiro chomwe anasankha chinali chinthu chogulidwa ndi ndalama. Sindikuona kuti anali ndi njira ina yophweka. Mkazi wosakwatiwa, wopanda mpando uliwonse, pa nthawi yomwe amayi ambiri ku America analibe ngakhale ufulu wovota, akanamveka bwanji popanda anthu a ndalama? Mu 1908 momwemo nyumba ya malamulo ya America inakana ganizoli, aphungu ena akuseka kuti mawa kudzafunika tsiku la apongozi.

Komabe zinthu zinayenda mofulumira. West Virginia inavomereza tsikuli mu 1910, zigawo zina zinatsatira, ndipo pa 9 May 1914 Pulezidenti Woodrow Wilson analengeza kuti Lamulungu lachiwiri la May likhale tsiku la amayi m'dziko lonse. Zinali zaka 9 ndendende mayi Jarvis atamwalira.

Chisangalalo sichinakhalitse. Mtengo wa carnation unkakwera May aliyense. Oyera atayamba kuchepa, ogulitsa maluwa anafalitsa zoti ofiira ndi a mayi amoyo, oyera ndi a omwe anatisiya. Anna sankafuna zimenezo. Iye ankafuna mwana apite kwawo akaone mayi ake, akalephera awalembere kalata ndi dzanja lake. Khadi losindikiza ankalitcha umboni wa ulesi. Mu 1923 analowerera msonkhano wa opanga maswiti ku Philadelphia kukawadzudzula, ndipo mu 1925 apolisi anamugwira chifukwa chosokoneza msonkhano wa bungwe la American War Mothers, lomwe linkagulitsa maluwawa pofuna kupeza thandizo. Mu 1934 anakwiya ndi sitampu ya positi yokumbukira amayi. Analimbananso ndi omwe ankati tsikuli anayambitsa ndi ena, monga Frank Hering wa bungwe la Fraternal Order of Eagles amene anaperekapo ganizo lotere mu 1904, kapena Julia Ward Howe yemwe mu 1870 anaitana amayi kuti adzuke kukana nkhondo. Anthuwa analankhuladi kale, zimenezo n'zoona, koma yemwe anaumirira mpaka lamulo litatuluka ndi Anna.

Pali mbali imodzi yomwe imavuta kumuikira kumbuyo. Anadzudzula ngakhale Eleanor Roosevelt, mkazi wa Pulezidenti Franklin Roosevelt, ndi mabungwe omwe ankagwiritsa ntchito tsikuli posonkhetsa ndalama zochepetsera imfa za amayi oyembekezera ndi makanda. Katswiri wa mbiri Katharine Antolini, yemwe anafufuza kwambiri moyo wa Anna, amaonetsa kuti mayi ndi mwana ankaona umayi mosiyana. Mayi Jarvis ankauona ngati ntchito yotuluka nayo pakhomo kukathandiza ana a eni, pomwe Anna ankauona ndi maso a mwana, mayi mmodzi m'nyumba imodzi. Kunena zoona, ntchito ya mabungwewo inali yofanana kwambiri ndi yomwe mayi ake anayamba mu 1858. Komabe aliyense amene anaikapo kholo amadziwa mmene mtima umachitira dzina la malemu likayamba kutchulidwa ndi anthu omwe sanawaonepo, aliyense pa zofuna zake. Anna ankateteza munthu amene anamudwazika mpaka kumutseka maso.

Milandu ndi makalata zinamudyera chuma chonse. Mu 1943 anayamba kusonkhanitsa masaini opempha boma kuti lithetse tsiku lomwe anakhazikitsa yekha. Posakhalitsa anamugoneka pa malo osamalira odwala a Marshall Square ku West Chester, ndipo anamwalira pa 24 November 1948 ali ndi zaka 84, maso atasiya kuona, alibe kalikonse. Anamuika pafupi ndi mayi ake ku manda a West Laurel Hill. Pali nkhani yofala yoti ogulitsa maluwa ndi makadi ndiwo ankamulipirira mwakachetechete m'zaka zake zomaliza. Ena amaisimba ngati chifundo, ena ngati njira yomutsekera pakamwa, koma ofufuza mbiri amachenjeza kuti umboni wolembedwa wotsimikizira zimenezi ndi wosakwanira. Tchalitchi cha ku Grafton chija chinakhazikitsidwa mu 1962 kukhala malo okumbukira chiyambi cha tsikuli, ndipo mpaka pano chimalandira alendo.