Kuyeserera uphunzitsi kudziko lina: chimene sikolashipu imagula

Wophunzira uphunzitsi aliyense, asanalandire satifiketi, amayenera kukaima kutsogolo kwa kalasi kwa masabata angapo kapena teremu yathunthu, akuyang'aniridwa ndi mphunzitsi wodziwa ntchito. Pa nthawiyi kawirikawiri salandira malipiro, ndipo m'mayiko ambiri amakhala akulipirabe fizi ku koleji. Akafuna kukayeserera kudziko lina, pamawonjezereka tikiti ya ndege, viza, malo ogona ndi inshuwalansi ya zaumoyo, kotero kuti popanda thandizo amene amapita ndi ana a anthu opeza bwino okhaokha.

Sikolashipu zinabwera kudzachepetsa tsankho limeneli. Ku United States, thandizo la Benjamin A. Gilman, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2000, limapereka ndalama zofika madola 5,000 kwa ophunzira amene amalandira kale Pell Grant (thandizo la boma lolipirira maphunziro a ku koleji), ndiye kuti ochokera m'mabanja osapeza bwino. Ku Ulaya, pulogalamu ya Erasmus, yomwe inayamba mu 1987 ndipo inasanduka Erasmus+ mu 2014, imathandiza ophunzira, kuphatikizapo ofuna uphunzitsi, kukagwira ntchito yoyeserera kwa miyezi 2 mpaka 12. Dziko la Britain litatuluka mu Erasmus+, linayambitsa pulogalamu yakeyake yothandiza ophunzira kupita kunja, yotchedwa Turing Scheme, mu 2021.

Komabe ndalamazi zimangomufikitsa munthu pakhomo la sukulu. Chimene chimamusintha chimachitika m'kalasi. Kwawo, mphunzitsi watsopano amadalira zinthu zambiri zimene sazizindikira n'komwe: nthabwala imene ana amaimva, zitsanzo zimene aliyense amazidziwa, ndi ulemu umene ana amapereka kwa wamkulu popanda kuuzidwa. Akafika kwa eni, zonsezi zimasowa tsiku limodzi. M'masukulu ena mwana amatchula mphunzitsi ndi dzina lake loyamba ndipo amamutsutsa poyera, pamene kwina ana amakhala chete ngakhale asanamve kanthu, poopa kuoneka amwano. Wophunzira uphunzitsi amakakamizika kusiya kungoganiza kuti ana amva, n'kuyamba kufufuza ngati amvadi: amalankhula pang'onopang'ono, amajambula pa bolodi, amapempha mwana kuti afotokoze m'mawu akeake. Luso limeneli mabuku a ku koleji amalitchula, koma limakhazikika msanga mwa munthu amene njira zake zakale zamukanika pamaso pa ana.

Palinso phindu lina limene ine ndimaliona kukhala lalikulu kuposa onse. Munthu amene wakhalapo mu msonkhano wa aphunzitsi osamva theka la zokambidwa, kapena amene wachita manyazi kufunsa kachitatu, sangathamangirenso kunena kuti mwana wosayankha ndi waulesi kapena mbuli. Amadziwa kutopa kwa kuphunzira m'chinenero chosakhala chako, ndipo ana otere alipo m'makalasi a dziko lililonse. Kudzidalira kumene anthu obwerako amakukamba kumachokera pa zinthu zazing'ono zomwezi, monga kusamala ndalama zochepa mpaka mwezi uthe ndi kupirira kusowa abale.

Sitinganene kuti ulendo uliwonse umabala zipatso zimenezi. Ulendo wa masabata awiri, wodzaza ndi kuona malo ndi kujambula zithunzi, sumupatsa munthu nthawi yolakwitsa phunziro, kudzudzulidwa, ndi kulikonza mawa lake. Chofunika kwambiri ndi mphunzitsi womuyang'anira, amene amakhala kumbuyo kwa kalasi ndipo pambuyo pake amamuuza mosabisa pamene panakhota. Pakasowa munthu wotere, mlendo amangobwereza zimene anazolowera kwawo, ndipo ovutika ndi ana a sukulu yomulandira, omwe sanapemphe kukhala poyeserera munthu. Mlendo wobwera ndi mtima wodzawongola eni ake ndiye amabwerera wosaphunzira kanthu.

Amene akufuna kupempha thandizoli ayenera kuwerenga bwino zimene ndalamazo zikulipira, chifukwa sikolashipu zambiri zimangothandiza mbali ina ya ulendo ndipo zotsalazo munthu amadzipezera yekha. Ayeneranso kufunsa koleji yake, asanavomere malo, ngati masabata ophunzitsa kunjawo adzawerengedwe pa satifiketi, popeza malamulo opereka chilolezo cha uphunzitsi amasiyana dziko ndi dziko, ndipo makoleji ena amafuna kuti wophunzira ayambe wayeserera kwawo asanapite kunja.