Gwirani kaye mchenga musanalowe m'madzi

Ife a ku Mzuzu nyanja tili nayo pakhomo. Kuchoka pa depoti kukafika ku Nkhata Bay ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndipo pa msewu wa M5 ola limodzi limakwana. Mumanyamuka mutavala juzi, m'tauni chifunga chili mbuu, koma pofika pa Mpamba juzi ija yavulidwa kale. Mzuzu ali pamwamba, mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe madzi a nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 475. Ndiye m'kaulendo kameneka mumatsika mamita oposa 700, n'chifukwa chake ana amadandaula kuti makutu atseka.

Ine ntchito yanga ndi yoperekeza magulu kunyanja: ana a sukulu, makwaya, anthu a m'maofesi, nthawi zina banja lomwe lalandira alendo ochokera ku Lilongwe. Ndinaphunziranso zopulumutsa anthu m'madzi, ngakhale ndimapemphera kuti luso limenelo ndisamaligwiritse ntchito. Pokonza ulendo anthu amakangana za nkhuku zingati, sipika abweretsa ndani, kositala tilipira zingati. Funso loti tikasambira pa gombe liti komanso nthawi yanji, silimveka. Kwa ambiri nyanja ndi nyanja basi. Chonsecho magombe a kumpoto kuno amasiyana makhalidwe ngati ana a mimba imodzi, ndipo khalidwe la gombe ungalidziwe usananyowe n'komwe.

Mukafika, tapani mchenga wodzaza dzanja pomwe mafunde akuthera, muufikise ndi zala. Ukakhala wosalala ngati ufa woyera, kawirikawiri gombelo limatsika pang'onopang'ono, mukhoza kuyenda kamtunda madzi akadali m'mawondo. Ukakhala wokhakhala ngati misere, kapena wosakanikirana ndi timiyala, chenjerani, pansi pamatsetsereka msanga. Chifukwa chake n'chosavuta. Mchenga wokhakhala umamwa madzi, ndiye funde likagwa, madzi ambiri amalowa pansi ndipo pobwerera sakhala ndi mphamvu yokokolola zomwe abwera nazo. Mchengawo umangounjikana, gombe n'kukhala ngati chitunda. Mchenga wosalala sumwa msanga, madzi amabwerera chapamwamba akuusalaza, gombe n'kukhala lathyathyathya.

Mukaunguzaunguza kumtunda, mapiri nawo amakuuzani zomwezo. Nyanja yathu inakhala m'chigwa chomwe chinapangika nthaka itang'ambika, ndipo malo ake akuya kwambiri, mamita pafupifupi 700, ali chakumpoto konkuno. Ku Nkhata Bay ndi ku Usisya mapiri amagwera m'madzi mwachindunji, ndipo momwe phiri latsikira kumtunda ndi momwe limapitirira pansi pa madzi. Mchenga umapezeka m'timakona ta pakati pa matanthwe, ngati pa Chikale. Malo oterewa ndi okoma kwa wodziwa kusambira: madzi ndi oyera, nsomba za mbuna zamitundumitundu zimangoti balala pamiyala. Kwa wosadziwa, mapazi ochepa chabe amasiyanitsa madzi a m'chiuno ndi madzi omiza. Mukapitirira kummwera, kudutsa minda ya mphira ya Vizara pomwe anyamata amagulitsa mipira yodumpha m'mbali mwa msewu, mapiri amabwerera m'mbuyo. Ku Chintheche ndi ku Kande mchenga ndi woyera, wosalala, wotambalala mpaka maso kutopa. Gulu la ana aang'ono ine ndimapita nalo kumeneko, ngakhale mafuta a galimoto amakwererapo.

Komatu gombe losaya lili ndi msampha wakewake. Mafunde amawunjika mchenga pansi pa madzi ngati mizere ya m'munda, pakati pake n'kusiya ngalande. Munthu wamkulu amayenda, madzi m'mawondo, kenaka m'chifuwa, kenaka m'mawondonso, n'kuima pa mzere wa kutsogolo akukodola ana kuti bwerani, m'posaya pano. Waiwala kuti ngalande yomwe yamufika iye m'chifuwa, mwana wa sitandade 2 imumiza mutu. Tsiku la mafunde akulu, madzi omwe aunjikana kugombe amafuna pobwererera, ndipo amaboola mzere uja pamalo amodzi n'kumathamangira kunyanja ngati kamtsinje. Pamalopo mafunde sasweka, madzi amaoneka odekha ndi akuderako, mwina odetsedwa ndi mchenga, ndipo alendo amasankha pomwepo poganiza kuti ndiye pabata. Akakukokani madzi otere musalimbane nawo kulunjika kumtunda, mutopa chabe. Sambirani chopingasa, motsata gombe, mpaka mutuluke m'kamtsinjeko.

Wina amati, "Ine ndinasambirako ku Durban, za pano n'zachibwana." Madzi amchere amamunyamulako munthu. Athuwa alibe mchere, thupi limalemera, ndipo mphamvu zimatha msanga kusiyana ndi momwe munazolowera.

Tsopano mphepo, yomwe ndiye mwini wake wa tsiku lanu. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera. Umachokera kummwera chakum'mawa, ndipo poti nyanja ndi yaitali makilomita oposa 550, mphepoyo imakhala ndi mtunda wokwanira kukulitsa mafunde isanafike kwathu kuno. A nthambi yoona zanyengo akalengeza pawailesi kuti kukhala mwera, ngakhale asodzi amakokera mabwato kumtunda, ndiye inu mlendo wa tsiku limodzi muli ndi chiyani choposa iwo? M'nyengo yamvula kumabwera mpoto, ndipo mkuntho wake suchenjeza: kumwamba kumada mbali imodzi, mphindi zochepa nyanja yasanduka ina. Mukamva bingu tulukani m'madzi. Masiku ambiri nyanja imakhala yofatsa m'mawa n'kuyamba kuvunduka dzuwa likapendeka, ndipo apa ndi pomwe timalakwitsa a ku Mzuzu. Timagwirizana kunyamuka 6 koloko, timanyamuka 10 koloko podikira amene akukazingabe nkhuku, n'kukalowa m'madzi nthawi yomwe eni dera akutulukamo.

Mphepo yomwe ndimaiopa kwambiri si ya mafunde akulu ayi, poti imeneyo aliyense amaiona. Ndimaopa yochokera kumtunda. Mitengo ndi mapiri zimaitchinga, pagombe simuimva, madzi ali see ngati mphasa, koma chapatsogolo pang'ono ikukankhira chilichonse choyandama kunyanja.

Chaka china pa Tsiku la Anakubala, 15 Okutobala, ndinali ndi gulu la achinyamata a mpingo wina. Mnyamata wa zaka ngati 12 anabwereka chubu cha galimoto, nagonapo chagada pafupi ndi anzake. Ine ndinatembenuka kuthandiza amayi ena kutsitsa mapoto. Pocheuka, chubu chija chili patali, mnyamata akukupiza mkono. Anzake nawo akumukupizira, wina mpaka akumujambula pafoni, akuyesa akuwapatsa moni. Chapafupi panali bambo wachikulire akusoka ukonde pamthunzi. Ndisanamalize kunena kuti "Ada, tithandizeni," anali atadzuka kale, akukankha bwato. Anapalasa osathamanga, anafika, anamugwira mwana pamkono n'kumukwezera m'bwato, chubu n'kuchimangirira kumbuyo. Atafika kumtunda ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji kuti zavuta. Anangoloza masamba a mtengo wa mango omwe ankaweramira kunyanja, nati, "Chubu sichibwerera chokha, mwana wanga. Mukanandifunsa m'mawa." Ndinachita manyazi, poti safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo wosafunsayo ndinali ine.

Chinamupulumutsa mnyamatayo n'choti sanachisiye chubu. Ambiri akaona gombe likutalikira amadumpha kuti asambire, n'kuthera panjira. Chomwe chikukuyandamitsa usachitaye, gwiritsitsa, fuula.

Kumira kwenikweni sikuchita phokoso. Munthu womira alibe mpweya wokuwira. Amangoima chilili m'madzi, mutu uli chagada, kamwa ikulowa ndi kutuluka, ndipo anthu oyandikana naye amayesa akusewera. N'chifukwa chake pagulu langa pamakhala munthu wamkulu mmodzi yemwe ntchito yake ndi kuyang'ana m'madzi basi, foni ili m'chikwama, ndipo amasinthana ndi wina akatopa. Mukati "tonse tikuyang'anira ana", dziwani kuti palibe akuyang'anira. Za mowa sinditalikitsa: amene wayamba kumwa, kusambira kwake kwathera pomwepo. Okwera bwato kapena boti kukazungulira, funsani majekete oyandamitsa musanalipire, ndipo boti likadzaza dikirani ulendo wina. Kachilumba ka ku Kande kamaoneka ngati kali pamphuno, koma pamadzi maso amanama.

Pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja, ngakhale mchenga ukongole bwanji, pitirirani. Madzi ake ndi akuda, pansi pamasinthasintha, ndipo m'mabango ndi momwe mumabisala ng'ona. Kusambira kukada kapena mbandakucha pamalo otere n'kudziputira.

Mabango omwewo ndi kwawo kwa likodzo, nkhani yomwe anthu amaimva mosiyanasiyana. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a tizilombo amaswa, tianato timalowa m'nkhono zazing'ono za m'madzi, timachulukana m'menemo, kenaka timatuluka n'kumasambira kufuna khungu la munthu. Simufunika kumwa madziwo kuti mudwale, kungoviika miyendo n'kokwanira. Nkhonozi zimakonda madzi odekha, a ndere ndi zomera, pafupi ndi pomwe anthu ambiri amachapa ndi kusamba. Pa mchenga wa poyera pomwe mafunde amamenya tsiku lonse chiopsezo chimachepa, koma sindingakulonjezeni kuti palibiretu. Ena amamva kuyabwa atangotuluka, ena amadzaona magazi pomaliza kukodza patapita masabata kapena miyezi, ndipo ambiri saona chilichonse pomwe chikhodzodzo chikuwonongeka. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja ana amalandira kusukulu. Pomwe anthu amalakwitsa ndi apa: mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, ndiye kumwa mawa lake mutachoka kunyanja n'kutaya ndalama. Dikirani masabata 6 mpaka 8, mupite kuchipatala akakuyezeni, akupatseni mlingo wolingana ndi thupi lanu. Ndipo inu eni, chimbudzi chikakhala patali, yendani ndithu.

Gombe lomwe munaliona chaka chatha musaliyese lomwelo. Madzi a nyanja amakwera mvula ikatha, cha mu Epulo ndi Meyi, n'kutsika kwambiri cha mu Novembala ndi Disembala. Mu 2024 anakwera modabwitsa, magombe ena anamira, madzi mpaka kulowa m'malo ogona alendo. Madzi akakwera chotero amabisa zitsa, maziko a makoma ndi miyala pomwe kale munkaponda mchenga, choncho osadumphira chamutu pamalo pomwe simunayendepo ndi mapazi tsiku lomwelo. Mchenga wotambalala umapezeka mu Okutobala ndi Novembala, koma masana umatentha ngati chiwaya; ana avale masilipasi, ndipo madzi akumwa mutenge ochuluka kuposa zoziziritsa kukhosi.

Ndimamva chisoni gulu likangofikira pa mchenga, sipika n'kulira mpaka madzulo, n'kubwerera osaona china. Pafupi ndi Chintheche pali Bandawe, pomwe Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1881 kuchoka ku Cape Maclear, isanakwere ku Khondowe mu 1894. Tchalitchi chakale ndi manda a amishoni zilipo, ndipo ana omwe amaloweza mayinawa m'kalasi amakhala chete akaima pamalopo. Ku Nkhata Bay kuli chikumbutso cha anthu omwe anawomberedwa pa 3 Malichi 1959, ndipo mukagwa tsiku labwino mupeza sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, itakocheza, katundu akutsika ndi kukwera ngati msika. Mukaona chinthu ngati utsi chikufuka pakati pa nyanja, si sitima ikupsa, ndi nkhungu, tizilombo touluka tomwe anthu a m'mbali mwa nyanja amagwira n'kupanga ndiwo. Chitimba ndi kokongola, Livingstonia ili pamwamba pake, koma kutsika Chiweta ndi kukweranso tsiku lomwelo kumadya nthawi yonse yosambira. Kumeneko pitani mukagone.

Kumbukiraninso kuti mchenga womwe inu mwabwera kudzagonapo, kwa ena ndi pantchito. Maukonde oyanikidwa musawaponde, usipa wa pathandala musaugwiregwire ngati simugula, amayi omwe akusamba kapena kuchapa musawaloze kamera. Malo ambiri ogona alendo amalipiritsa polowa kapena saloleza chakudya chochokera kunja, ndiye imbani foni dzulo lake m'malo mokakangana pageti ndi mapoto a mpunga m'manja. Mabotolo osweka okwiriridwa mumchenga ndiwo amadula mapazi a ana a eni mudzi inu mutapita. Thumba la zinyalala libwerere nanu.

Pobwerera, ine 4 koloko ikakwana ndimayamba kusonkhanitsa anthu, ngakhale andide. Chitunda chokwera ku Mzuzu chili ndi makona, kukada chifunga chimatsika, ndipo dalaivala yemwe wakhala padzuwa tsiku lonse amasinza. Werengani anthu potuluka m'madzi, muwawerengenso m'galimoto, potchula mayina, osati kungofunsa kuti "tonse tilimo?" Wofuna nsomba ya batala yokadyera kondowole kunyumba agule nthawi yomweyi: atsegule makha aone ngati ali ofiira, maso ngati ali owala, adine pamsana aone ngati mnofu ukubwerera. Akatero amangirire pagalasi la m'mbali kuti izipitidwa mphepo, poti m'buti yotentha pofika ku Mzuzu imakhala itayamba kale kununkha.