Palibe lamulo loletsa akuluakulu kupikisana pa bhangra

Pali uthenga umene umabwerabwera m'magulu a pa WhatsApp ndi Facebook, kawirikawiri pamodzi ndi kanema wa anyamata akudumpha motsatira ng'oma ya dhol. Umati munthu akapitirira zaka zakutizakuti saloledwa kupikisana pa bhangra ndi magule ena a ku Punjab, dera la ku India ndi Pakistan, ndipo zaka zakezo zimasinthasintha malinga ndi wotumiza. Si zoona.

Palibe bungwe limodzi lolamulira mipikisano yonse ya bhangra ndi giddha, gule wina wa ku Punjab. Mpikisano uliwonse umaika malamulo ake. Ya m'mayunivesite, ku Punjab komweko kapena ku America monga Bhangra Blowout wa ku Washington, ndi ya ophunzira, n'chifukwa chake mumaonamo achinyamata okhaokha. Ina imalandira magulu odziimira paokha, ina ili ndi gawo la ana.

N'zoona kuti bhangra wa pa siteji amafuna mphamvu. Kudumpha ndi kunyonyomala mphindi zingapo osapuma, mawondo amamva ndithu. Koma guleyu anayambira kwa alimi pa nyengo yokolola tirigu, pa chikondwerero cha Vaisakhi mu Epulo. Chimene chimandipweteka n'chakuti mphekeserayi ikuchotsa okalamba m'magule amene ali awoawo. Gule wa jhumar amavinidwa modekha, ndipo pa ukwati agogo, mwana wawo ndi mdzukulu amalowa m'bwalo limodzi. Malwai giddha anayamba ngati gule wa madoda a dera la Malwa ku Punjab.

Mukalandira uthengawu, funsani kuti ndi mpikisano uti, wa chaka chiti. Kenako pitani pa tsamba la okonza mpikisanowo mukawerenge malamulo olembetsera. Ngati sukutchula mpikisano uliwonse, chonde musautumize kwa ena.