Madzi akasanduka achikasu mu labu, sikuti shuga watha

Mwezi uno wokha anthu atatu andionetsa uthenga womwewo pa WhatsApp: ufa wa chamwamba wayezedwa ku labu, uli ndi ma antioxidant (zinthu zomwe amati zimateteza thupi kuti lisawonongeke) ambiri, umachiza shuga ndi BP. Ndatopa nawo mawu amenewa. Ntchito yoyeza zomerayo ndi imene ndimadyera kuno ku Harare, ndiye imvani zomwe timachita.

Timayanika masamba, kusinja, kuviika mu methanol (mtundu wa spiriti wa mu labu) n'kusefa. Madziwo timawadonthezera mu mankhwala otchedwa DPPH, ofiirira ngati khungu la biringanya, n'kuwasiya mumdima mphindi 30. Ngati masambawo ali ndi mphamvu ya antioxidant, kufiirirako kumazilala mpaka kusanduka chikasu, ndipo makina amawerenga kuzilalako ndi kuwala kwa muyeso wa 517 nm. Njirayi ndi yakale, ya mu 1958. Nambala imene timalemba, IC50, ndi mlingo wa mankhwala a m'masamba wofunika kuti theka la DPPH lizilale, choncho ikachepa ndiye kuti mphamvu ndi yochuluka. Timaiyerekeza ndi ya vitamini C. Ndinaonapo wogulitsa wina ku Mbare akunyadira nambala yaikulu pa botolo lake, osadziwa kuti akudzitsutsa yekha.

Tsono malambe amazilalitsa DPPH, zumbani (chitsamba chimene anthu kuno amamwa ngati tiyi) nayenso, masamba a gwafa, makoko a anyezi, ngakhale tiyi amene mwamwa m'mawa uja. Mtengo umodzi womwewo umapereka nambala zosiyana mukathyola dzinja kapena chilimwe, mukaviika m'madzi kapena mu methanol. Ndipo kabotolo ka mu labu kalibe m'mimba, kalibe chiwindi. M'thupi zambiri mwa zinthuzi sizilowa n'komwe m'magazi, zina chiwindi chimazisintha n'kutuluka ndi mkodzo. N'chifukwa chake mu 2012 unduna wa zaulimi ku America unachotsa pa intaneti mndandanda wake wa manambala a antioxidant m'zakudya, poona kuti amalonda akunamiza nawo anthu. Ku Finland, zotsatira za mu 1994 zinaonetsa kuti amuna osuta fodya omwe ankamwa mapiritsi a beta-carotene, yomwenso ndi antioxidant, anadwala khansa ya m'mapapo kuposa omwe sankamwa.

Idyani chamwamba ngati ndiwo, imwani phala la malambe, palibe akukuletsani. Koma mapiritsi a kuchipatala musasiye. Wogulitsa akati katundu wake amachiza, mufunseni ngati analembetsedwa ku MCAZ, bungwe loona za mankhwala m'dziko muno. Akayamba kuzungulirazungulira, bwezani ndalama m'thumba.

Pali amayi ena amene timapemphera nawo, makolo awo anachokera ku Dedza. Tinakumana pamaliro ku Mufakose, iwo akuphika kuseri, anatulutsa kapepala m'chikwama nati, "Achimwene, inu mumadziwa za labu, taonani izi." Panali tebulo la IC50 lojambulidwa kuchokera kwinakwake. Ndinangoseka n'kuwauza kuti nambalazo zilibe ntchito, basi ndinapita kukanyamula bokosi. Sindinawafunse ngati akumwabe metformin, mapiritsi awo a shuga. Anali atasiya miyezi iwiri. Chala chakuphazi chinali kale ndi kabala, ankakawaza ufa womwewo n'kumanga kansalu, ndipo pomwe ana awo ankawatengera kuchipatala phazi linali litada. Analidula m'munsi mwa bondo.

Munthu wa shuga, bala la kuphazi ngakhale laling'ono ngati njere ya mapira, pitani nalo kukiliniki lero lomwe, musadikire kuti liyambe kununkha. Amayi aja masiku ano amakhala benchi ya kukhomo, ndodo ataziyedzamitsa kukhoma, ndipo amandipatsabe moni ngati kale.