Mapiko a angelo: adachokera kuti, ndipo amatanthauza chiyani?

Mwana aliyense wa Sande Sukulu ukamuuza kuti ajambule mngelo, amayamba ndi mapiko. Koma ukawerenga Baibulo modekha, upeza kuti amithenga ambiri amene Mulungu ankatuma kwa anthu sakutchulidwa kuti anali ndi mapiko. Pa Genesis 18, Abrahamu adaona amuna atatu atayima pafupi ndi hema wake ku Mamre dzuwa lili paliwombo. Adawapatsa madzi osambitsa mapazi, Sara adakanda ufa, mwana wa ng'ombe adaphedwa, alendowo nkudya pansi pa mtengo. Yakobo adalota angelo akukwera ndi kutsika pa makwerero. Ngakhale pa Marko 16, amayi aja adapeza m'manda mnyamata wovala zoyera basi. Mawu achihebri akuti malakh ndi achigiriki akuti angelos amangotanthauza mthenga, ndipo mthenga ankaoneka ngati munthu wapaulendo. Nchifukwa chake Ahebri 13:2 ikunena kuti ena adachereza angelo osadziwa.

Mapiko anali a zolengedwa zina, akerubi ndi aserafi, zomwe ntchito yake sinali kunyamula mauthenga. Akerubi akuyamba kuoneka pa Genesis 3:24, akulondera njira yopita ku mtengo wa moyo. Pa Eksodo 25, Mose akulamulidwa kusula akerubi awiri agolide pamwamba pa likasa la chipangano, atayang'anizana, mapiko awo ataphimba chivundikiro chake, ndipo Mulungu akuti azilankhula kuchokera pakati pawo. M'kachisi wa Solomo munali akerubi awiri osemedwa ndi mtengo wa azitona nkukutidwa ndi golide, aliyense wamtali mikono 10, phiko lililonse mikono 5, kotero kuti mapikowo adakhudza makoma onse awiri nkukumana pakati pa chipinda. Pakati pomwepo, pamene mitundu yoyandikana nayo ikadaika fano la mulungu wawo, Aisraeli sadaikepo fano lililonse. Apa ndi pamene pamandigwira mtima. Mapiko aja ankasonyeza mpando wa Mfumu imene palibe wosema angaiyerekeze.

Zolengedwa zamapiko sizinali zachilendo m'dera limenelo. Mafumu a Asuri ankaika pa zipata za nyumba zawo ku Nimrud ndi Khorsabad ng'ombe zamwala zamapiko, zamutu wa munthu, zotchedwa lamassu, ndipo zina zili ku British Museum ndi ku Louvre lero. Pa bokosi la maliro la Mfumu Ahiram ya ku Byblos, mfumuyo yakhala pa mpando wochirikizidwa ndi mkango wamapiko wa nkhope ya munthu. Ezekieli, ali ku ukapolo m'mbali mwa mtsinje wa Kebara cha m'chaka cha 593 Khristu asanabadwe, adaona zamoyo, zimene pambuyo pake adazitcha akerubi, za mapiko anayi ndi nkhope zinayi: ya munthu, ya mkango, ya ng'ombe ndi ya chiwombankhanga, zili ndi mikombero pambali pake. Kwa anthu otayidwa kutali ndi Yerusalemu, uwu unali uthenga wotonthoza: mpando wa Mulungu umayenda, wawatsatira mpaka ku Babulo.

Yesaya 6 ndiye amaulula bwino ntchito ya mapiko. Aserafi ali nawo asanu ndi limodzi aliyense, koma awiri okha ndi oulukira. Awiri akuphimba nkhope, awiri akuphimba mapazi. Ngakhale iwo amene amakhala pafupi kwambiri sayang'ana mwachisawawa. Mmodzi adauluka, adatenga khala lamoto pa guwa ndi mbaniro, nkukhudza nalo milomo ya mneneri.

Aphunzitsi achiyuda adasinkhasinkha kwambiri za akerubi a pa likasa. Mu Talmud, mabuku a ziphunzitso zawo, muli chiphunzitso chakuti Aisraeli akamachita chifuniro cha Mulungu akerubiwo ankayang'anizana, koma akapanduka ankatembenuka. Rabi Abbahu adafotokoza dzina lakuti kerubi ngati lotanthauza "wonga mwana". Koma Josephus, wolemba mbiri wachiyuda amene adali wansembe, adalemba kuti palibe amene angafotokoze mmene ankaonekera.

Akhristu oyambirira nawonso sankajambula mapiko. M'manda apansi a Priscilla ku Rome muli chithunzi cha m'zaka za m'ma 200 chimene ambiri amati ndi Gabrieli akulankhula ndi Maria, ndipo ndi mwamuna wopanda mapiko. Zinthu zidasintha ufumu wa Roma utalandira Chikhristu. Bokosi la maliro lopezeka ku Sarıgüzel mu Istanbul, la nthawi ya Mfumu Theodosius Woyamba amene adalamulira kuyambira 379 mpaka 395, lili ndi angelo awiri amapiko akuuluka, ofanana kwambiri ndi Nike, mulungu wamkazi wa chipambano amene amisiri achigiriki adazolowera kusema. Pofika zaka za 432 mpaka 440, angelo a m'tchalitchi cha Santa Maria Maggiore ku Rome anali atavala mapiko. John Chrysostom, mlaliki wotchuka wa m'nthawi ya Theodosius, adachenjeza kuti angelo alibe mapiko enieni. Mapikowo amangosonyeza kuti achokera kumwamba kudzafika kwa anthu.

Tiana tonenepa tamapiko timene anthu amatitcha akerubi tidatchuka ku Italy. Awiri odziwika kwambiri ali m'munsi mwa chithunzi cha mmisiri wojambula Raphael chotchedwa Sistine Madonna, chojambulidwa cha m'ma 1512, chomwe chili ku Dresden. Ndi okongola ndithu, koma ndimamva chisoni kuti adalowa m'malo mwa zamoyo zimene Ezekieli ataziona, pamodzi ndi ulemerero umene zidanyamula, adagwa chafufumimba.